Mabotolo ndi Chitsime cha Mlamu Wake

Anthu a kumunsi kwa mgodi wa malasha amamutcha Mabotolo. Ntchito ya mayiyu ndi kuyenda m'zitsime ndi m'mijigo yozungulira mgodiwo, kutunga madzi n'kukawayeza ngati ali oyenera kuthirira mbewu. Akafika pa mjigo amayamba wapopa mpaka madzi ogona m'mapaipi atatha. Kenako amatsuka botolo ndi madzi omwewo, kulidzaza mpaka kukamwa, n'kuliika m'bokosi lozizira. Odikira kutunga amang'ung'udza, iye osatekeseka.

Mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, ali ndi dimba la tomato kuseri kwa mulu wa zotaya za mgodi. Chaka chatha masamba adapsa m'mphepete, pansi padayera ngati pathiridwa mchere. Chaka chino mbande zinali zitakula pa nazale, koma mwini wake sankadziwa kowokera: pompo, kapena kumtunda kumene kuli chitsime china koma nthaka yake ndi yamiyala.

M'mawa wina adatulukira kuntchito kwa Mabotolo atanyamula chigubu. Madzi ake anali oyera mbee.

"Alamu, ndakupeputsirani ulendo. Yezani awa."

Mabotolo adatsegula chigubucho n'kununkhiza. "Awa ndi a chitsime chanu chija chofiira ngati dzimbiri?"

"Omwewo. Kungoti ndawakonzako pang'ono. Ndawasefa ndi nsalu, ndawaphitsa, n'kudonthezamo mankhwala. Ndikanalowa ndi matope muno, pamaso pa anzanu ovala zoyerawa?"

"Nanga tomato wanu mumamuphitsira madzi?"

"Aaa, alamu!"

"Mwawasambitsa, mwawadzoza mafuta ngati akupita kokajambulitsa. Ine ndikufuna madzi ongodzuka kumene, osasukusula."

Masana omwewo adapita onse kudimba. Mabotolo adamuuza kuti atunge n'kutaya, atunge n'kutaya, mpaka mlamuyo thukuta lili kamukamu. Madzi atsopano atasefukira kuchokera pansi, mayiyo adaviikamo kachipangizo kake koyezera madzi. Asidi anali wambiri, mchere utapyola mlingo wololedwa pa ulimi wothirira. Atakwera kukayeza chitsime cha kumtunda, chidapezeka chili bwinobwino.

"Yezaninso chakumunsichi," adatero mlamuyo. "Mwina makina anu adzuka moipa lero."

Mabotolo sadatsutse. Adatsuka kachipangizoko, naviikanso, n'kumulozera.

"Makina sadziwa chibale, alamu. Mukawokera pano mukolola masamba opsa. Kumtunda muvutika ndi miyala, koma mwala ukauchotsa wachoka. Mchere uwu ukakhazikika m'nthaka, ndi mlendo wosatsanzika."

Mlamuyo adayang'ana mizere yomwe anali atakonza kale, yowongoka bwino, manyowa atathira. Adayang'ananso mulu wakuda uja. Kenako adalunjika kumtunda. Mabotolo adadzaza mabotolo ake, kuti zotsatira zikafike kwa oyang'anira madzi ndi kwa eni mgodi, adziwe kumene zotaya zawo zikudonthera. Pamene ankamanga bokosi panjinga, adamva piki ikulira pamwala kumtunda.

Atadutsanso pa ulendo wake wotsatira, adapeza tomato atachita maluwa pakati pa milu ya miyala, masamba obiriwira mpaka kunsonga. Mlamuyo, manja ali matuza okhaokha, anali atatunga n'kutaya kale. Adamupatsira ndowa ya madzi, timizu tikuyandama pamwamba.

"Osasukusula, alamu," adatero.

Mabotolo adagwedeza mutu, natsegula botolo.