Kajumbo ka shuga pa injini ya amalume

Mpaka lero shuga akatha m'nyumba, kajumbo kake sinditaya msanga. Ndimakatsuka n'kukayanika pa waya, ana anga n'kumandiseka kuti amayi ndinu oumira. Sadziwa kuti kajumbo kotere kanali ntchito yanga dzinja lina kwathu kwa Mposa, ndili sitandade fili, mayi ali ndi pakati pa mng'ono wanga.

Amalume, achimwene awo a mayi, anali ndi galimoto yakale yoyera imene ankachitira matola pakati pa Liwonde ndi Balaka. Kumudzi kwathu inalipo yokhayo. Injini yake inali ya tebo, kachipangizo kowonjezera mphamvu, ikamakwera chitunda inkaliza kamluzu, ife ana n'kumaithamangira. Iwo anali Asilamu, ife a kutchalitchi, koma pakhomo panali pamodzi.

Dzinja limenelo anamwino anauza mayi kuti mwana wakhala mopingasa. Anati masabata awiri omaliza akadikirire kuchipatala, ndipo matenda akayamba msanga asachedwe panjira. Masiku omwewo galimoto inayamba kufuka utsi wabuluu, oyilo n'kumadontha pansi pa mtengo wa mango pomwe inkagona. Amakaniko a ku Balaka anati injini yatha, aiphwasule yonse, ntchito ya mwezi wathunthu. Amalume anangopukusa mutu. "Iyayi, siinathe. Ikubanika."

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene amalume anandiphunzitsa tsiku limenelo sindinaiwale. Anati injini ikamalira, m'mimba mwake momwe mumakhala oyilo mumadzaza mpweya wotentha, ndipo pali kapaipi kotulutsa mpweyawo. Kakatsekeka, mpweya umasowa kothawira, ndiye umakankha oyilo kuti atulukire paliponse, mpaka mu tebo.

Anatsegula pothirira oyilo, anamangapo kajumbo ka shuga ndi mphira wa chubu, n'kuliza injini. Kajumbo kanafufuma kuti tuu, ngati chule wokwiya. "Waona, mwanache? Kakafufuma, ikubanika. Kakafota, ikupuma."

Anamasula kapaipi kaja. M'kati munali phala lakuda lonunkha ngati matayala opsa. Anakaviika m'palafini mu chitini, n'kumakazolotsa ndi sipoko ya njinga yokulungira kansalu. Panalinso kavalavu kakang'ono ngati chala changa, anakatsuka mpaka atakagwedeza pakhutu panga kanalira kete kete. Paipi ina inali yong'aluka, anaisintha. Pomaliza anapemerera ndi pakamwa kuti aone ngati mpweya ukudutsa, milomo yonse bii, mayi anaseka mpaka kugwira mimba. Atalizanso injini, kajumbo kanafota, n'kumanjenjemera pang'onopang'ono ngati liwombo la khanda.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha. Ayi ndithu. M'mawa uliwonse akachoka ku swala kumzikiti ankandiitana ndi kajumbo kanga, ine ndiyang'ane, ndinene mokweza: kafota kapena kafufuma. Ku Balaka analeka kupita, ankangozungulira pafupi, anthu n'kumadandaula kuti matola aja atha bwanji. Ine zinanditopetsa. Tsiku lina ndinauza mayi kuti amalume amakonda galimoto kuposa anthu. Mayi sanandikalipire. Mulungu andikhululukire, pakamwa pa mwana sipadziwa kulemera kwa mawu.

Matenda anayamba masabata atatu tsiku lisanakwane, m'mawa dzuwa litakwera, mayi akuchokera kopalira, mvula ikuwaza. Amalume sanathamange, sanakuwe. Anawagoneka kumpando wakumbuyo, azakhali anga, achemwali awo a bambo, n'kuwagwira mutu. Galimoto inalira kamodzi kokha. Ndinatsala pakhonde ndikumva kamluzu kaja kakutalikira m'matope, ndikunena pemphero limodzi lokha limene ndinkalidziwa, kubwereza lomwelo.

Amalume anabwera okha chakumadzulo. Anati mayi awachita opaleshoni, mwana ndi wamkazi, onse ali moyo, ndipo adokotala anati afika pa nthawi yake. Anthu analulutira. Koma amalume anapita pansi pa mtengo wa mango, anatsegula boneti, anatsamira pamenepo n'kuyamba kulira, munthu wamkulu, mapewa akugwedezeka.

Chimene ankalirira ndinadzachimva nditakula, ndili ndi pakati panga poyamba. Mayi anandiuza kuti ine ndili wakhanda amalume anali ndi mkazi, ndipo anali ndi pakati. Naye matenda anamuyamba msanga, ndipo galimoto yomweyi inalavula oyilo yense pachitunda n'kuzima, chifukwa cha kapaipi komweko. Mkaziyo anamwalira m'mbali mwa msewu, amalume manja ali oyilo yekhayekha. Galimotoyo sanaigulitse. Anaiphunzira.

Amalume anatisiya kalekale, Mulungu awasunge pabwino. Mng'ono wanga uja lero ali ndi ana atatu.

Koma tsiku lija ine zonsezi sindinkazidziwa. Nditaona akulira pa boneti ndinaganiza kuti galimoto yawonongekanso. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga kajumbo kanga, ndinakamanga ndekha monga anandiphunzitsira, n'kuwapempha kuti alize injini. Analiza. Ine ndinawakoka malaya.

"Amalume, musalire. Taonani, kafota. Ikupumatu."