Kapepala ka m'thumba la ovolosi

Chaka chomwe migodi inkagulitsidwa, ndinapeza kapepala m'thumba la ovolosi ya amuna anga pamene ndinkafuna kuchapa. Kanali ka kuchipatala cha kampani ya mgodi komwe ankagwira ntchito. Zolemba za adokotala zinali zokhotakhota, koma ndinazindikira kuti awatenga magazi.

Masiku amenewo kwathu ku Kwacha, mu Kitwe, ukamva kuti wina wayezetsa magazi, maganizo ankathamangira ku edzi. Sabata sinkatha osapita kumanda. Ife a kwaya tinkaimba pamaliro mpaka mawu kusasa. Ndinakhala pansi pafupi ndi beseni.

Masiku atatu sindinafunse. Kumsika wa Chisokone, komwe ndinkasoka, ndinalumikiza mkono wa diresi ya kasitomala mozondoka kawiri konse. Kunyumba ndinkawaba ndi diso pakhosi ndi m'masaya, kuona ngati ayamba kuonda.

Lamulungu tikuchokera ku Misa, ana atatsogola, ndinalephera kupirira.

"Atate, magazi aja akuyezani chiyani?"

Anaima. "Mwayamba kusecha m'matumba?"

"Ndimachapa."

"Si matenda mukuganizawo ayi," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali. "Ndi za mkodzo."

Anati kwa miyezi ingapo mkodzo unkatuluka movutikira, mwakuti anzawo pansi pa mgodi anayamba kuwaseka kuti amachedwa. Adokotala anawauza kuti mwamuna akamakula, kachiwalo kena ka pansi pa chikhodzodzo, kotchedwa pulositeti, kamatupa. Nthawi zina imakhala khansa, ndipo magazi amatha kupereka chizindikiro.

Ndinapumira m'mwamba. Titayenda pang'ono, mawu oti khansa aja ndi pomwe anandilowa.

Panalinso china chotithamangitsa. Kunkamveka kuti eni atsopano achotsa anthu ambiri, ndipo wochotsedwa ankalandidwa khadi la kuchipatala. Amuna anga, ndi msinkhu wawo, ankadziwa kuti dzina lawo silingasowe pamndandanda.

Zotsatira zitatuluka anawatumiza kwa dokotala wina ku Ndola. Ndinaumirira kupita nawo. M'minibasi amuna anga anagwira envulopu ndi manja awiri ulendo wonse, ndipo titangotsika anathamangira kukafuna chimbudzi.

Dokotalayo anali mayi. Amuna anga anachita manyazi, chipewa chili pamaondo.

"Nambala yanu yakwera, bambo," anatero. "Koma magazi okha sanena kuti ndi khansa. Kungakhale kutupa chabe. Tiyenera kutengako kanyama kakang'ono tikaone."

"Ndiye munandiyezeranji, ngati sakunena?"

"Amatiuza poyambira."

Ine ndinafunsa chomwe iwo ankaopa kufunsa. "Ikakhala khansa, khadi atalanda, tidzalowera kuti?"

Dokotalayo anayang'ana pafayilo. "Tiyeni tifulumire khadi likadalipo, mayi."

Anawatenga kanyamako ndi singano sabata yotsatira. Kudikira kwachiwiriku kunaposa koyamba. Amuna anga anayamba kukonza zinthu zomwe zinakhala zowonongeka zaka zambiri: chitseko cha kukhitchini, mpopi, mpando wa njinga. Analembera mng'ono wawo kumudzi ku Katete kalata yaitali, osandiuza zomwe zinalimo. Nditawafunsa anangoti, "Za munda."

Kalata yowachotsa ntchito inafika Lachiwiri. Lachisanu tinabwerera ku Ndola. Dokotala anati m'kanyamako sanapezemo khansa. Anawapatsa mapiritsi othandiza mkodzo, n'kuwalangiza kuti aziyezetsa magazi pakapita miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chifukwa singano imatha kuphonya.

Panja amuna anga anagula chimanga chootcha, n'kundibenthulira theka. Anaseka koyamba mwezi wonsewo. Ine sindinathe kuseka. M'mutu mwanga munatsala mawu oti singano imaphonya.

Khadi linabwezedwa kumapeto kwa mwezi. Kuchipatala cha boma, ulendo woyamba anatiuza kuti mankhwala oyezera atha, wachiwiri anati tibwerenso. Panapita zaka ziwiri asanayezedwenso. Nthawi yonseyo ndikamva chitseko cha chimbudzi chikutsekedwa, ndinkasiya chomwe ndikuchita n'kumvetsera mpaka atatuluka.