Fodya Amene Anasamutsa aNabanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chomwe anthu anavotera zipani zambiri koyamba. Masana ena kwathu ku mapiri a ku Ntchisi, ndinalowa m'chigafa cha bambo, n'kuthothola tsamba la fodya louma, n'kulipichira m'pepala la kope langa. Ndinakoka utsi kanayi kapena kasanu. Mtima unayamba kuthamanga ngati utuluka, thukuta lozizira lili kamukamu, m'maso muli mdima. Ndinadzandira mpaka pakhomo n'kugwa.

Nditatsitsimuka, amayi anandifunsa chomwe ndinadya. Poopa chikwapu cha bambo, omwe anali mkulu wa mpingo, ndinati, "Chitumbuwa chomwe anandipatsa aNabanda."

ANabanda anali mayi wamasiye woyandikana nafe, ndipo chitumbuwacho anandipatsadi m'mawa monga ankachitira kawirikawiri. Koma anthu m'mudzimo anali atayamba kale kuwanena chifukwa chovala nsalu ya chipani chatsopano. Dzuwa lisanalowe, mbiri inali ponseponse yoti andidyetsa mankhwala.

M'mawa mwake bambo anandikweza pa njinga kupita kuchipatala. Dokotala anandigwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima, kenaka anaona chala changa chopsa. Anapempha bambo kuti adikire panja.

"Unasuta eti?" anandifunsa. Ine ndinangozolika.

"Tamvera," anatero. "Pali mitsempha yomwe imauza mtima kuti ufulumire, ina imaubweza kuti uyende pang'onopang'ono. Fodya amakolezera yofulumizitsayo, yobwezayo n'kuchepa mphamvu. Palibe anakulodza. Ukawauze wekha makolo ako."

Sindinawauze. Bambo anangomva kuti ndili bwino, ndipo tinabwerera kumudzi. Amayi a m'mudzi analeka kupita nawo kumjigo aNabanda, ana tinaletsedwa kuponda pakhomo pawo. ANabanda atakolola chimanga chawo, anamanga katundu kupita kwa achimwene awo ku Mvera. Tsiku lonyamuka anandipeza panjira, mtolo uli pamutu.

"Mtima uja uli bwanji, mwanangu?" anandifunsa.

"Uli bwino," ndinayankha, maso ali pansi.

Ndinadzaulula ndili ku sekondale, aNabanda atamwalira kale. Amayi analira. Pano ndikudziwa kuti mantha a mwana akhoza kuchotsa munthu wamkulu pamudzi pake, ndiponso kuti kupepesa kuli ndi nthawi yake. Yanga inali panjira paja, ndipo ndinaisiya kuti idutse.