Dzira la a Lefteris

Pachilumba pathu aliyense ali ndi chake chonyadira. A Lefteris Kampouris chawo chinali mzere wozungulira wa njereza, pabwalo potera helikopita yonyamula odwala. Zaka makumi atatu akhala akuupaka okha nyengo ya Pasaka, kuthamangitsapo mbuzi, kutola miyala. Chingwe choyezera ankachikana. Iwo n'kuyeza ndi mapazi basi.

"Chingwe n'cha anthu opanda maso," ankatero pomwera khofi. "Mzere wanga ndi wozungulira kuposa mbale."

"Munauonapo muli m'mwamba, inu?" akazi awo, mayi Evdokia, ankawaputa dala.

Apa ndiye pankavuta. Mkuluyu ndege ankaikonda ikakhala pansi. Zokwera ayi, ankati munthu si nkhunda.

Tsiku lina mayi Evdokia anagwa mumtengo wa maolivi n'kuthyoka mwendo. Helikopita itatera, anakanitsitsa kunyamulidwa.

"Popanda nkhalamba yangayi sindipita. Akandisendere malalanje ndani kuchipatalako?"

A Lefteris anakwera atatsinzina. Chinthucho sichinathamange n'komwe, chinangonyamuka pomwepo ngati chidebe chotuluka m'chitsime.

"Tsegulani maso, bambo, muone ntchito yanu," anatero Myrto, mtsikana woyendetsa ndegeyo.

Anasuzumira. Kalanga ine, mzere uja sunali wozungulira! Linali dzira, lonenepa chakuphiri, losongoka chakunyanja. Bwalolo n'lotsetsereka pang'ono, ndiye potsika mapazi awo ankatalika iwo osadziwa. Manyazi anawagwira zedi. Zaka zonsezi kudzitama pansi, anthu akuona dzira kumwamba.

"Ndikabwerako ndikafufuta," anatero chapansipansi. "Ndikabwereka chingwe."

Mayi Evdokia anaseka mpaka kuiwala mwendo.

"Mukangofufuta, tidana," anatero Myrto. "Mabwalo a zilumba zinazi ndi ofanana onse. Kukachita nkhungu ife timasakasaka dzira lanulo. Tikaliona mtima umakhala m'malo, timadziwa kuti palibe mbuzi, palibe mwala, titera bwino. Amene anandiphunzitsa kuulutsa ndege, chinthu choyamba kundionetsa chinali chimenechi."

A Lefteris anakanirira pazenera, kuyang'ana dzira lawo likuchepa pakati pa madenga oyera, mpaka linasowa. Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kukhala tsonga.

"Ndinachita dala," anatero.

"Bodza," anayankha mayi Evdokia, atawagwira dzanja.