Nambala ya Pachitupa cha Mlamu

Ba Nicodemus Ng'andu anaphunzitsa masamu ku Kabwata zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anali ndi chizolowezi chimene akazi awo, ba Tryness, ankati ndi matenda. Nambala iliyonse yowadutsa m'maso, kaya ya galimoto kaya ya pachipata cha munthu, ankaigawa chamumtima mpaka itatheratu. Ya pachitupa chawo, 209458, inawakhumudwitsa kalekale. Imagawika ndi 2, kupereka 104729, ndipo pamenepo yauma gwa.

Mlamu wawo, ba Besa, mchimwene wa ba Tryness, sukulu anailekera Fomu 2. Koma boma litamasula malonda anagula minibasi imodzi, kenako zinakwana zinayi, n'kusamukira ku Woodlands, dera la anthu olemera. Zimenezo ba Nicodemus anazimeza. Nyumba ndi nyumba basi, ankadziuza choncho.

Mu 1996 ba Besa anabwera ndi mafomu a laisensi kuti awalembere, poti aphunzitsi amalemba zooneka bwino. Anaponya chitupa patebulo. Nambala yake inali 720720.

Ba Nicodemus anayesa 7, inalowa. Anayesa 11, 13, 16, zonse zinalowa popanda chotsala. Kuyambira 1 mpaka 16 panalibe yokana. Mlamu atapita anakhala pansi ndi pensulo kufufuza manambala onse oigawa, ndipo anapeza 240. Anabwereza kawiri kuopa kulakwa. Nambala ngati imeneyi, boma n'kuipereka kwa munthu wowerengera zala!

Analumbira kuti sawauza ba Besa. Munthuyo anali ndi zonse kale. Ichi chokha chikhale chodziwa iwo. Koma nkhaniyo inawayabwa pakamwa, ndipo patatha masabata awiri anaululira ba Tryness.

Mwezi usanathe, minibasi zonse zinayi zinatuluka zitalembedwa kumbuyo ndi penti yofiira: 720720 YA ONSE.

Lamlungu lina, atatuluka m'tchalitchi, anakadya ku Woodlands. Ba Besa anali pakhonde pakati pa anzawo amalonda, botolo m'manja.

"Imwe, nambala yanga ni yamwayi! Iliyonse ingena, kufika pa 20. Funsani ba ticha aba. Si so, ba mulamu?"

Onse anatembenuka. Ba Nicodemus ankadziwa kuti 17 salowa, amasiya 5. Mawuwo anafika palilime. M'kalasi sanalolepo yankho lolakwika kudutsa, ngakhale la mwana wa hedimasitala. Koma akanawakonza, ba Besa akanakhala ndi nambalayo pamodzi ndi choonadi chake chomwe, n'kumakachinena ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ngati anachipeza okha.

"Mwakamba imwe, ba mulamu," anatero ba Nicodemus, maso ali m'mbale.

"Mwamvela? Ba ticha bavomela! Tryness, baikile nkhuku ina, baonda na choko aba."

Anthu anaseka, ba Nicodemus nawonso anaseka pang'ono.

Anapuma ntchito patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ba Besa ankanenabe 20. Pasiteji ya Kabwata, minibasi ya mlamu ikaima, ba Nicodemus ankayamba ayang'ana kumbuyo kwake, kugawa ndi 17, kupeza 5 wawo uja, kenako n'kukwera.