A Goliati ndi Mpheta za Eni

Amene anawapatsa dzina a Goliati ayenera kuti anali munthu wanthabwala. Mwiniwake wa dzinalo ndi wamfupi moti akalowa m'ndime ya mpunga timangowadziwira chipewa. Chipewa chikamayenda chokha pamwamba pa ngala timati, "Ehe, a Goliati afika." Njinga amapalasa choimirira, chifukwa akakhala pachishalo mapazi amangosambira m'malere.

Kwawo ndi kwa Kaduya. Kuno kunyanja ya Chilwa anabwera ali mnyamata kudzapikula matemba, koma m'malo mwa matemba anapeza a Zelifa. Anakwatira n'kumanga nyumba pamudzi pa akazi awo, monga timachitira kuno. Tsono inu akutali mudziwiretu: kwathu kuno mwamuna ndi mlendo. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, mtengo wa mango umene unabzala wekha nawonso ndi wa mkazi, mthunzi wake womwe. Zako ndi njinga ndi malaya. Ukalakwitsa kwambiri amakumangira kamtolo kako n'kukulozera njira imene unadzera. A Goliati akhala pamudzipo mpaka imvi, mwana wawo Praise anakula n'kupita ku Blantyre, koma lamulo limeneli silimera imvi.

Bambowa ndi Mkhristu, ndipo kuyambira kale ankalakalaka kulalikira. Mwayi anapatsidwa kamodzi. Anavala jekete ya manja ofika m'maondo, anaima kutsogolo, anatsegula Baibulo, n'kutiyang'ana. Ifenso tinawayang'ana. Anati, "Abale ndi alongo." Tinati, "Ameni." Anatinso, "Abale ndi alongo," thukuta lili kamukamu. Kenaka anangoti, "Abale," alongo n'kuwaiwala, basi n'kukhala pansi. Ulaliki waufupi chotero sunamvekeponso m'boma lonse la Phalombe, ndipo pali ena amene amaukumbukira ndi chikondi, makamaka Lamulungu la mwezi wa Okutobala.

Atakanika kulalikira analowa kwaya. Apa ndilankhule mosamala, pakuti ndi nkhani ya m'nyumba ya Mulungu. Tangoganizani chigayo cha dizilo chikulira, mkati mwake mutalowa mbuzi. Tsiku loyamba lenileni mileme yonse ya kudenga la tchalitchi inasamuka masanasana, mileme imene inatikanika ndi utsi wa tsabola. A Eneya, otsogolera kwaya, anawatengera pambali.

"Achimwene, mphatso zimasiyana. Bwanji inu muziimba chamumtima?"

"Chamumtima Ambuye amamva?"

"Amamva bwino kwabasi. Mwinanso kuposa."

Kuyambira pamenepo a Goliati anatseka pakamwa n'kuyamba kugwiritsa ntchito manja. Njinga ya wogula nsomba ikatitimira m'matope, umangoona chipewa chatulukira kumbuyo, chikukankha. Pampu amayenda nayo ngakhale tsiku limene njinga yawo aisiya kunyumba. Pamaliro amakhala oyamba kutola khasu, omaliza kusamba m'manja. Ukawathokoza amachita manyazi ngati wawapeza akuba, n'kuyankha mawu amodzimodzi: "Ndangotumidwa." Ukafunsa wawatuma, amaloza kumwamba ndi chala. Ulaliki wawo wonse ndi umenewo.

A Zelifa, mayi wamtali wogulitsa nyemba za kalongonda kudooko la mabwato, mawu amenewa anatopa nawo kalekale.

"Abambo a Praise, okutumaniwo njira ya kunyumba kuno saidziwa? Denga ili linayamba kudontha Praise ali kumsana. Tsiku lina adzakutumeniko pamwambapa."

Tsopano ndikuuzeni za a Makina. Ndime yawo ya mpunga ili kutsidya kwa ngalande ndi bango, moyang'anana ndi ya a Zelifa. Ndi msodzi wakale, chimunthu cha pachifuwa ngati chitseko, bwenzi lokhulupirika la kachasu. M'tchalitchi analowamo komaliza tsiku limene ankabatizidwa ali khanda, ndipo akuti ngakhale tsikulo analira mpaka anawatulutsa. Akakumana ndi a Goliati sankalephera kuwaputa.

"Abusa a m'matope! Lero mwatumidwa kuti? Akakutumaninso muwauze anditumizireko kabotolo."

A Goliati ankangovula chipewa n'kumwetulira.

Chaka chatha, mvula ikupita kumapeto, a Makina anagwa panjinga pamlatho wa mitengo, dengu la mlamba n'kuwagwera, mwendo n'kuthyoka. Anawatengera kuchipatala, akazi awo a Aliness n'kupita nawo kukawadikirira. Ndime inatsala yokha pa nthawi yoipitsitsa. Mpunga unali utangotulutsa ngala, njere zikadali ndi mkaka, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene mpheta zimabwera. Zimabwera ngati utsi. Zikatera pandime zimayamwa mkaka wonse n'kukusiyira mankhusu oyera mbee. Ndiye munthu umakhala pansanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kukoka chingwe cha zitini, kukuwa, kuponya zibuluma. Kale inali ntchito ya ana. Masiku ano ana ali kusukulu, ndiye timakuwa tokha akuluakulu, ndevu zili petupetu.

A Goliati anali pansanja ya akazi awo, ine pa yanga chapafupi, pamene utsi uja unatsika n'kutera pandime ya a Makina. Ndinaona chipewa chikutsika pansanja, chikuwoloka ngalande madzi ali m'khosi, chikulowa m'bango. Kumeneko kunalibe zitini, kunalibe chingwe. Munthu anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kutsegula pakamwa.

Abale, ine ndinaliko. Mpheta zinanyamuka zonse kamodzi. Akakowa anathawa osatsanzika. Achule anakhala duu mpaka madzulo, ndipo asodzi amalumbira kuti mlamba wonse tsiku limenelo unakabisala mbali ya ku Mozambiki. Nyimbo za m'buku anali ataziiwala chifukwa choimba chamumtima zaka zonsezi, ndiye anangopeka yawo:

"Muli pano Ambuye, m'matope muno muli pano.
Mpheta n'zanu, mpunga n'ngwanu,
koma mwana wanu adzadya chiyani?"

Vuto ndi lakuti mbalame ukaziingitsa sizipita kumwamba kukakhala ndi angelo. Zimakatera pandime yotsatira. Ndipo yotsatira inali ya a Zelifa.

A Goliati anayesa kugawa thupi lawo laling'onolo pawiri. Akaimba uku, mpheta zikudya uko. Akawoloka, mpheta nazo zawoloka, ndipo izo sizinyowa. Pamapeto pake anayamba kukhalitsa kwa a Makina. Maganizo awo anali akuti iwo ali ndi chinangwa kumtunda, pamene a Makina ndime imeneyi ndiyo inali nkhokwe yawo yonse.

A Zelifa atabwera kudzaona mpunga wawo anapeza ngodya yonse ya kumadzulo yayera. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Anabwerera kunyumba, anayala chitenje pansi, anaikapo jekete ija, malaya, pampu, Baibulo pamwamba, n'kumanga mfundo yolimba. Kamtoloko anakaika pakhonde, poonekera aliyense wodutsa.

"Abambo a Praise, ine ndinawokera mpunga uja msana uli gwa, misundu ikundiyamwa. Inu mukukadyetsa mpheta kuti woledzera akhute?"

"Amayi a Praise, ndango..."

"Mukangomaliza mawu amenewo munyamuka lero lomwe. Tamverani. Amalume ndawauza kale. Ndime ija ikayera yonse, kamtolo aka kakupita kwa Kaduya, ndipo sikapita kokha."

Mayiwa anasiya kalongonda wawo n'kukakhala okha pansanja. Koma mpheta za masiku ano zitini zinazizolowera, zina zimachita kutera pachingwe pomwepo n'kumavina. Komanso zinali mpheta za ndime ziwiri pa munthu mmodzi. Kuyera kuja kunkangokwawa, mzere ndi mzere.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza a Goliati ataima pamphambano ya tinjira ta m'dambo, chipewa chili m'manja.

"Achimwene," anatero, "kwa Kaduya kulibenso wondidziwa. Amayi anamwalira, nyumba inagwa, pamalopo anthu analimapo nandolo. Ndikapita ndikagona pati?"

"Ndiye pitani kundime kwanu, a Goliati. Palibe angakudzudzuleni."

"Nanga uja akatuluka m'chipatala ndi mwendo umodzi, adzapeza chiyani?"

A Goliati anavala chipewa, anapinda buluku, n'kulowa m'ngalande kulowera kwa a Makina.

Patapita masiku a Makina anatuluka, mwendo uli m'chikhakha choyera cha kuchipatala mpaka m'ntchafu. Atangowagoneka pamphasa, mphepo inabweretsa phokoso kuchokera kudambo.

"Aliness, kukuphedwa chiyani uko?"

"Ndi a Goliati. Akuti ali pandime yathu chigonekereni inu kuchipatala."

"Wawalemba ganyu ndani? Ine ndilibe chowapatsa."

"Sanalembedwe. Ndipo akazi awo awamangira kale katundu chifukwa cha mpunga wanuwo. Kamtolo kali pakhonde, mudzi wonse ukukaona."

A Aliness akuti bambowo anangotembenukira kukhoma. Nyimbo ija inapitiriza kulowa pawindo tsiku lonse, mawu omwewo, kubwereza ngati kudontha kwa denga la a Zelifa.

Kutacha, a Zelifa atafika kundime kwawo anapeza pansanja pali kale munthu. A Aliness anali atawakankha amuna awo pawilibala mpaka pangalande, asodzi anzawo n'kuwawolotsa pabwato, n'kuwakweza pansanja ngati thumba la chimanga. Mwendo woyera uja unali utaloza kunyanja ngati mfuti.

"A Makina, mwasokera? Ndime yanu ili uko."

"Ndikudziwa, mayi."

"Nanga pano mukutani ndi mwendo wa simentiwo?"

A Makina anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kumbali. "Ndangotumidwa."

"Inunso? Ndi ndani?"

"Ine ndiwadziwira kuti? Kafunseni amuna anu, ndi amene amacheza nawo."

Mpheta zitatsika, a Makina anayamba ndi nyimbo zimene amazidziwa, za kumowa, zina zake zoti mpunga ukanamva ukanafota. A Zelifa anawadula pomwepo.

"Pandime panga zotukwana ayi. Mpunga uwu tidzadya ndi alendo."

Munthu anafufuza m'mutu monse. Nyimbo yaulemu imene anapezamo inali imodzi yokha, yomwe inalowa pawindo ija. Anakoka mpweya ndi chifuwa chonse chija n'kubangula: "Muli pano Ambuye!" Kenaka kutsidya kwa bango kachigayo kaja kanayankha: "M'matope muno muli pano!"

Mpheta zinazungulira m'mwamba, uku moto, uku moto. Ndiye zinachita zimene mpheta zimachita: zinabwera kwa ife ena. Abale, zitini zitakanika, unyinji wa anthu aulemu wake tinayamba kuimba nyimbo ya a Goliati, aliyense pansanja yake. Mlungu umenewo dambo lonse linasanduka tchalitchi. Oledzera ankaimba, osapemphera ankaimba, amene sanalankhulane chiyambire mkangano wa malire ankalandizana mavesi. A Eneya enieniwo ndinawamva ndi makutu angawa, akuimba mokweza, osati chamumtima ayi.

Mpunga utacha tinamweta. Wa a Makina unatuluka bwino. Wa a Zelifa, tinene zoona, pafupifupi theka linali mankhusu. Ndime sinayere yonse, koma sinalinso ndime yoti munthu n'kuinyadira. Tsiku lopuntha a Zelifa anaima nthawi yaitali akuyang'ana kamulu kawo, manja ali m'chiuno. A Goliati anakhala pakhonde pambali pa kamtolo kaja, atavala nsapato, njinga atapopa kale. Ife oyandikana nawo tonse tinapezeka kuti tili ndi zochita pafupi ndi mpanda.

A Zelifa anabwera, anawerama, anamasula mfundo ija ndi mano, n'kukutumula chitenje. Jekete, malaya ndi pampu zinagwera pansi. Baibulo lokha analiwakha n'kuwapatsa m'manja.

"Chitenjechi ndikufuna ndimange kumutu, ndikukapeta. Zinthu zanuzi kabwezeni m'nyumba, zikundipinga pakhonde." Anayenda pang'ono n'kucheuka. "Ndipo nsapatozo vulani. Padenga sakwera ndi nsapato."

A Makina sindinganame kuti anasanduka mngelo. Kabotolo amakaonabe mwa apo ndi apo. Koma Lamulungu amapezeka pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi windo, ndipo ukawafunsa amati amabwerera mthunzi. Anapemphanso kulowa kwaya, iwo ndi a Goliati limodzi. A Eneya anati akaipempherera kaye nkhaniyo, ndipo mpaka pano akupempherabe.

Tsiku lofolera denga ndinadutsako. A Goliati anali pamwamba, akuoneka ngati nkhunda patsindwi, a Makina ali pansi ndi ndodo yawo, akuwaponyera mitolo ya udzu.

"Abusa!" anakuwa a Makina. "Nanga lero wakutumani ndani?"

A Goliati anakweza chala kuloza kumwamba monga mwa masiku onse. Chili m'malere choncho anaganiza kaye, n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka chinaloza kuseri kwa nyumba, kumene a Zelifa ankapeta mpunga.

A Zelifa sanadzutse n'komwe mutu palichero.

"Ine ndi akumwambawo tinagwirizana," anatero.