Kapu Imene Ndinaika Pamchenga

Apongozi anga a Mutlaq anabadwira kuchipatala, anakulira m'nyumba ya simenti, ndipo unyamata wawo wonse anathera pa lole yogulitsa madzi. Ngamila amaiopa mpaka lero, chiwalumire paphewa ali mwana. Koma alendo odzaona malo akatsika m'basi amapeza munthu wina: mkulu wa m'chipululu, mkanjo mpaka pansi, mpeni m'chiuno, wobadwira m'tenti mphepo ya mchenga ili mkati. Amawauza kuti njira amaidziwa ndi nyenyezi. Munthu yemweyu foni ikatha moto amasochera popita kutauni ya Aqaba, pamsewu wa tala.

Zonsezo ndinalibe nazo kanthu. Ine yanga inali kuphika buledi wopyapyala pachiwaya alendo akujambula, nditakhala motchinga kuti asaone filiji kuseri kwa chinsalu.

Zinasintha nditabereka Hayel. Apongozi anaona kuti khanda limakoka alendo kuposa ngamila, komanso siluma. Ankamunyamula n'kumupaka m'maso utoto wakuda, amvekere: "Makolo athu ankateteza ana chonchi ku diso loipa." Utoto wa makolowo amaugula pamsika, m'kabotolo kopanda dzina. Akatero mwana ankayenda m'manja mwa anthu ngati mbale ya zipatso za kanjedza.

Maso ake anayamba kufiira, m'mawa akudzuka ndi manthongo. Kuchipatala namwino atamuona anandiyang'ana ngati wakuba.

"Mukumupaka chiyani mwanayu? Zapamsikazi zina zimakhala ndi mtovu. Ukalowa m'magazi mwana amakula mutu wosagwira. Musiye kumupaka lero lomwe."

Ndinauza mwamuna wanga Nayef. Anakanda ndevu.

"Ndiye ndikauze bambo anga kuti mwambo wawo ndi poizoni? Kawauze wekha."

Ankadziwa kuti sindingathe. Kwathu kuno mpongozi wongobwera kumene salangiza mwini tenti.

Tsiku lina galimoto ya Nayef inatitimira mumchenga, alendo atakhala kale pamakalapeti. Pasewero la mwambo wa khofi limene timaonetsa alendo, iye ndiye amasewera ngati mlendo wodzapempha, choncho apongozi anasowa munthu.

"Mayi a Hayel, siyani chiwayacho, khalani apa. Mukalandira kapu muike pansi, mupemphe ngamila. Musawonjezere zanu."

Anatembenukira kwa alendo, Lubna, mtsikana wa ku Amman amene amabwera nawo, akumasulira.

"Kwathu mlendo akaika kapu pansi osamwa, ndiye kuti ali ndi pempho. Khofi akazizira asanayankhidwe, mwini nyumba wachita manyazi mpaka kwa adzukulu. Ine m'moyo wanga sindinakanepo munthu!"

Anandithirira. Khofi anandiwotcha chala. Ndinaika kapu pamchenga.

Apongozi anadzimenya pachifuwa. "Imwani khofi wanu! Chimene mwadzera chatheka!"

Mafoni onse anali m'mwamba.

"Bambo, ngamila sindiifuna. Ndikupempha maso a mwana wanga. Asapakidwenso utoto uja, ndipo asamayende m'manja mwa anthu."

Anaseka ndi mano okha. "Mwasokoneza mawu, mayi. Ngamila."

"Sindinasokoneze, bambo."

"Lubna, mwana wanga, auze kuti wapempha ngamila."

"Pepani amalume, ndawamasulira kale," anatero Lubna. "Mayi wa chipewa uyo akufunsa ngati n'zoonadi kuti simukana."

Apongozi anayang'ana kapu, anayang'ana mafoni. Kabotolo kaja kanali m'thumba la mkanjo, ndinkakaona katatukumuka. Nthunzi pakapu inali ikutha.

"Imwani," anatero ndi mawu otsika. Kenako mokweza, manja m'mwamba: "Ndapereka! Mwambo ndi mwambo!"

Alendo anaomba m'manja, wina mpaka misozi. Ndinamwa khofiyo atazizira, ndinanyamula mwana wanga n'kulowa kuseri kwa chinsalu.

Chiyambire tsiku limenelo a Mutlaq sandiyankhula. Akafuna buledi amauza Nayef kuti auze "loya wake uja". Utoto amadzipaka okha tsopano, ndipo amauza alendo kuti ndi umene unkathandiza ankhondo a mtundu wathu kuona mdani ali kutali. Misozi ikamatsika amati akukumbukira makolo.

Maso a Hayel anayera. Komabe basi ikaima panja ndimamumanga pachifuwa panga ndi nsalu, mfundo ziwiri, ndipo buledi ndimaphika naye pomwepo.